Chigongono cha a Pulofesa

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri makina athu oyezera kuwala anakhala pakona pa labu atafunditsidwa nsalu ngati maliro osowa abale, ndipo pa zaka zonsezo palibe wophunzira ndi mmodzi yemwe amene analephera kupeza nawo yankho. Ndikunena ndine, mwini makiyi. Ntchito yanga ndi yosamalira labu ya kemisitiri pa sukulu ya ukachenjede: kutsuka mabotolo, kusakaniza mankhwala, kumata mayina pa zigubu, ndi kukalipira ana a eni ake akamanunkhiza zinthu zosayenera mphuno. Babu la m'makinawo linapsa ndidakali mtsikana. Ndinalemba kalata yopempha lina, chaka chotsatira ndinalembanso, mpaka kalatayo ndinailoweza pamtima. A ku ofesi yogula zinthu ankandiyankha mwaulemu kwambiri kuti nkhani ya babu ili pa tebulo la bwana, ndipo ndikhulupirira kuti ikadali pomwepo.

Zimene makinawo amachita n'zosavuta, kungoti aphunzitsi amazikuta ndi mawu ataliatali kuti aziopedwa. Umatenga utoto wapepo n'kuuthira madzi a soda, ndiye utoto uja umayamba kusuluka. Msanganizowo umauika m'kabotolo ka ngodya zinayi, kotalika ngati chala, n'kukalowetsa m'makina ndi kutseka chivundikiro. M'katimo babu limaponya kuwala kudutsa m'kabotolo, ndipo makina amaonetsa nambala yosonyeza kuchuluka kwa kuwala komwe utoto wameza. Utoto ukamasuluka nambala imatsika. Iwe chako n'kuyang'ana wotchi ndi kulemba nambala pakatha masekondi makumi atatu aliwonse. Lamulo lalikulu ndi limodzi. Kabotoloko kali ndi mbali ziwiri zokhakhala ndi ziwiri zosalala, ndipo umagwira zokhakhala zokha, chifukwa zosalalazo ndi njira ya kuwala.

Ukatha kulemba umajambula magalafu atatu. Pa yoyamba umaika manambala monga alili, pa yachiwiri umayamba wawadinira batani la logi pa kakyuleta, pa yachitatu umawatembenuza, wani kugawa ndi nambalayo. Galafu imene yatulutsa mzere wowongoka ndiyo imakuuza chomwe ife a mu labu timati oda, kutanthauza khalidwe la kusulukako. Oda ziro, utoto umasuluka pa liwiro limodzi kaya watsala wambiri kaya wochepa. Oda wani, ukatsala theka liwiro nalo limatsika ndi theka. Oda thuu, ukatsala theka liwiro limagwa kanayi. Mabuku amati utoto wathuwu ndi wa oda wani, ndipo pa galafu yachiwiri mzere wake umatsetsereka wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Mabuku onse amatero kupatula la a Pulofesa athu, ndipo wolakwa ndine.

Ndinali ndi miyezi iwiri yokha pa ntchito, adakandiyesa ngati ndikuyenera kukhazikitsidwa. A Pulofesa, apo n'kuti ali mphunzitsi wamba wa jekete imodzi, anandituma kuti ndiyeze utoto uja kuti akhale ndi manambala a chitsanzo, iwo n'kupita kukamwa tiyi. Itakwana mphindi yachitatu ndinayamba kukayika. Kodi kabotolo kaja ndakalowetsa bwino, kapena ndalozetsa mbali yokhakhala ku babu? Ndinatsegula chivundikiro, n'kukazula, n'kupeza kuti kanali bwinobwino, n'kukabwezera msangamsanga. Tsoka lake, sopo wa mu labu amang'amba khungu, ndiye manja anga ndinali nditangowadzola mafuta. Chala changa chachikulu chinasiya chidindo pa galasi losalala. Mafutawo nawo anayamba kutchinga kuwala, nambala inalumpha m'mwamba, ndipo mzere umene unkatsika mwaulemu unathyoka pakati ngati mkono wopinda.

Ndinati nditaye pepalalo ndiyambirenso, koma anandipeza nalo m'manja. Analiyang'ana nthawi yaitali, anavula magalasi, anawavalanso.

"Mtsikana iwe, sunakhudze kanthu?"

"Ayi, bwana."

Mawu awiri okha, onenedwa ndi munthu woopa kuchotsedwa ntchito. Sabata yotsatira babu linapsa, ndiye panalibenso woti n'kutsutsa.

A Pulofesa anapeza tanthauzo lake. Anati utoto ukafika pa mphindi yachitatu umapuma kaye, n'kubweza mphamvu pang'ono, usanapitirize ulendo wake. Analemba nkhani ya masamba khumi ndi awiri m'magazini ya dipatimenti yathu, imene mkonzi wake anali iwo omwe, ndipo mkonziyo anaiyamikira kwambiri. Nkhaniyo inawakweza kamodzi, inawakwezanso, mpaka jekete zinafika zisanu. Ophunzira anatcha kupindika kuja Chigongono cha a Pulofesa. Iwo atamva sanakwiye, anaika galafu ija mu felemu n'kuipachika pamwamba pa mpando wawo, manambala ake olembedwa ndi dzanja langa. Ine ndikalowa mu ofesimo kukasiya makalata ndinkayang'ana pansi. Paja amati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina, ndipo ng'oma imeneyi ndinaomba ndine.

Mwina mukudabwa kuti phunziro la makina akufa linkayenda bwanji. Linkayenda bwino kwambiri. Ophunzira ankavala makoti oyera ndi magalasi oteteza maso, chifukwa chitetezo sitisewera nacho, n'kuzungulira makina aja. Ine ndinkavundukula nsalu, n'kuloza kuti apa ndi pamene babu likanayaka, apa ndi pamene nambala ikanaoneka. Kenako ndinkalemba manambala anga akale pa bolodi, iwo n'kumalemba m'makope. Aliyense ankauzidwa kusintha pang'ono nambala ya kumapeto kuti malipoti asafanane, pakuti kukopera ndi mlandu waukulu pa sukulu yathu. Chaka ndi chaka ophunzira onse ankapeza chigongono, ndipo a Pulofesa ankauza alendo kuti palibe chinthu china m'dziko muno chimene chatsimikizidwa kambirimbiri chotere.

Mlandu suola. Chaka chatha bungwe lina lachifundo linatipatsa makina atsopano, onyezimira, babu lake loyaka. A Pulofesa ankafuna kuwasunga m'katoni kuti asalowe fumbi, koma eni mphatso anaumirira kuti akufuna zithunzi za ophunzira akuwagwiritsa ntchito. Ndiye kwa nthawi yoyamba chichokereni utsikana wanga, ndinasakaniza utoto ndi soda zenizeni.

M'kalasi ya chaka chomaliza munali mwana wa mng'ono wanga, amene ankakhala kwanga chiyambireni sukulu. Kunyumba timamutcha Mafunso, chifukwa anayamba kufunsa kuti "chifukwa chiyani" mano asanamere onse, ndipo mpaka nthawi imeneyo anali asanaleke. Mwanayu anali atapeza kale mwayi wa ntchito ku labu yoyeza madzi akumwa a mu mzinda. Anamuuza kuti malo ndi ake, bola abweretse satifiketi pasanathe miyezi itatu, apo ayi apatsa wina. Chomwe chinatsala pakati pa iye ndi satifiketiyo ndi phunziro limodzi, la a Pulofesa.

Anzake onse makumi anayi anayeza utoto pa makina atsopano ndipo anapeza mzere wowongoka. Poti ndi ana oleredwa bwino, onse makumi anayi anakabwereka malipoti a omwe anamaliza zaka za m'mbuyomo n'kupinda mzere pa mphindi yachitatu. Mafunso yekha anayeza kasanu. Nthawi iliyonse ankapukuta kabotolo ndi tishu, n'kukagwira mbali zokhakhala ngati dzira, ndipo kasanu konse mzere unatuluka wowongoka. Anapereka lipoti lake lotero, pansi pake atalemba kuti, "Utotowu ndi wa oda wani. Chigongono sichinaoneke."

Lachiwiri m'mawa a Pulofesa analowa mu labu lipotilo lili m'manja, atalikhwatchakhwatcha ndi cholembera chofiira mpaka pepala kubooka. Ine ndinali pa sinki.

"Mayi, mwana uyu akuti ndi wanu?"

"Ndi wa mng'ono wanga, bwana."

"Ndiye ndi wanu. Ophunzira mazanamazana aona chigongono m'chipinda chino. Iye yekha maso ake ndi otani?"

"Mwina ndi makina atsopanowa, bwana. Kapena sanazolowere."

"Anzake makumi anayi agwiritsa makina omwewa ndipo achiona bwinobwino. Awa ndi matama, mayi, kuphatikizapo ulesi. Walephera. Adzabwereze chaka chamawa, mwina maso adzakhala atatseguka."

Ndinasowa mtengo wogwira. Kuti ndinene kuti anzakewo anama, ndiye kuti ndapha ana makumi anayi. Kuti ndinene kuti makina akunama, umboni wa makumi anayi aja ukunditsutsa. Ndinangoti, "Ndamva, bwana," n'kupitiriza kutsuka botolo lomwe linali loyera kale.

Mafunso sanalire. Analemba kalata yodandaula ku komiti ya mayeso, ndipo anamuuza kuti mlandu wake umveka Lachitatu la sabata yotsatira. Lamlungu masana ndikusita makoti athu pabalaza, ndinaganiza zomupatsa nzeru za akulu.

"Mwanawe, pensulo ili apo. Pinda mzerewo pa mphindi yachitatu ngati anzako, ukapepese, nkhani ithe. Ntchito ija siikudikira."

"Ndipinde chifukwa chiyani, amayi aakulu? Si inu munandiphunzitsa kupukuta kabotolo kawiri ndisanakalowetse? Si inu mumanena kuti nambala imene makina apereka ndi yomweyo, olo ikhale yonyansa?"

"Zimenezo ndimauza aliyense. Sindinkadziwa kuti wina adzamva."

Tili mkati mokangana foni inalira. Anali mng'ono wanga, mayi wake, ndipo moni anapereka wachidule.

"Achemwali, ndinakupatsani mwana wanzeru zake, ndiye muzingoonerera akumulepheretsa m'chipinda chomwe makiyi ake muli nawo inu? Anthu kuno ndawauza kale kuti wapeza ntchito. Ndikawauzenso chiyani?"

Nditadula foni ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zinatembenuka: nkhuyu ndinadya ine, mimba ikupota mwana. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo moyo wanga wonse. Ndinamuuza zonse, za tiyi wa a Pulofesa, za mafuta, za mawu awiri aja. Anandimvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ndiye kuti chigongono ndi chala chanu?"

"Chachikulu, cha kumanja."

Anaseka mpaka kugwera pampando, misozi ili chuchuchu. Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi.

"Amayi aakulu, mayeso a chaka chachiwiri panali funso loti tifotokoze chifukwa chimene utoto umapumira pa mphindi yachitatu. Ndinalemba masamba atatu."

"Unakhoza?"

"Ndinakhoza kuposa onse." Anapukuta m'maso. "Mukanene Lachitatu. Mukangowaonetsa, basi nkhani yatha. Ndi anthu ophunzira amene aja."

Ndinaopa, sindibisa. Zaka ziwiri zokha zinali zitanditsalira kuti ndikwanitse zaka za penshoni n'kupuma pa ntchito mwaulemu, ndipo ndinadziona ndikutuluka pa geti ndi katoni pamutu. Koma ndinamuyang'ana mwanayo, chikhulupiriro chili mbee pankhope, ndipo ndinavomera. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinapempha kuti komiti ikumane mu labu momwemo, ndipo anavomera chifukwa chipinda cha misonkhano ankachipenta. Anabwera a Wapampando, bambo wonenepa wokonda mtendere, amene zaka zapitazo anasaina okha makalata onse okweza a Pulofesa. Anabweranso aphunzitsi awiri achinyamata, onse ophunzira athu akale omwe ndinawalembera manambala pa bolodi ndi dzanja langali, komanso mlembi ndi kope lake. A Pulofesa anakhala kumapeto atapinda manja. Mabisiketi anawaika pansi penipeni pa chikwangwani choletsa kudya mu labu. Ola loyamba linathera pa kukonza zolemba za msonkhano wapitawo, poti dzina la mphunzitsi mmodzi linalembedwa popanda udokotala wake.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira, ndipo ndinaulula. A Wapampando anasiya bisiketi pakati.

"Mayi, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Izi bwenzi mutatitsina khutu kumbali."

"Ndachedwa kale zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, bwana. Lolani ndikuonetseni."

Ndinasakaniza utoto ndi soda, ndinapukuta kabotolo, ndinatseka chivundikiro. Mafunso ankawerenga manambala mokweza, mphunzitsi mmodzi n'kumaika timadontho pa bolodi. Mzere unatsika wowongoka kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako ndinatulutsa mafuta anga odzola m'chikwama changa, ndinadzola m'manja onse akuona, n'kuyambanso. Itakwana mphindi yachitatu ndinatsegula, ndinazula kabotolo, ndinadinda chala pa galasi losalala, n'kukabwezera. Nambala inalumpha. Mphunzitsi uja anaika kadontho m'mwamba, ndipo pa bolodi panaoneka chigongono chenicheni, chofanana ndendende ndi cha mu felemu.

 Aphunzitsi awiri aja ankayang'ana nsapato zawo. Ndinadziwa zimene ankawerengera mumtima: masatifiketi mazanamazana, awonso ali m'gulu lomwelo, ndi siginecha ya a Wapampando pa makalata aja okweza a Pulofesa. Ine ndinali nditagwira kale makiyi m'thumba, wokonzeka kuwapereka.

A Pulofesa anaimirira pang'onopang'ono, anapita pa bolodi, anayang'ana kupindikako mwachikondi, n'kutembenuka nkhope ikuwala.

"A Wapampando, abale anga, lero ndi tsiku lalikulu. Mwaona nonse ndi maso anu. Pa makina atsopano, pamaso pa mboni zisanu, chigongono chaoneka."

"Koma bwana," ndinatero, "chaoneka chifukwa ndadinda chala."

"Eya, mayi, ndipo tikukuthokozani. Mu sayansi zotsatira zimabwera munthu akatsata ndondomeko yonse. Ndondomeko yathu inali ndi gawo limodzi losalembedwa, ndipo inu mwalisunga mokhulupirika zaka zonsezi. Mwayeza koyamba popanda gawolo, chigongono sichinabwere. Mwayeza kachiwiri ndi gawolo, chabwera. Umboni woposa pamenepa ungachokere kuti?"

A Wapampando anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo. Anatenganso bisiketi yawo ija.

"Mlembi, lembani kuti chigongono chatsimikizidwa."

Mafunso anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Pepani bwana, koma chomwe chikutchinga kuwala ndi mafutawo, osati utoto. Utotowo sukupuma ayi. Ndiye tikuyeza chiyani?"

"Funso labwino kwambiri, mwana wanga," anatero a Wapampando. "Ukadzafika pa digiri yachiwiri udzalifufuze. Panopa tikukamba za ndondomeko."

"Nanga anzanga makumi anayi aja anachipeza bwanji, poti gawolo sankalidziwa?"

"Amenewo sanadandaule, ndiye sali pa mndandanda wa zokambirana za lero."

Mphunzitsi mmodzi anatsokomola ngati akufuna kunena kanthu. A Pulofesa anamuyang'ana, ndipo chinangokhala chifuwa basi.

Chigamulo anachiwerenga mlembi. Komiti inapeza kuti wophunzirayo sanatsate ndondomeko yonse, koma poti gawo losowalo linali lisanalembedwe, ikumuchitira chifundo kuti abwereze kuyezako Lachisanu pamaso pa a Pulofesa, ndipo chigongono chikaoneka adzapatsidwa satifiketi yake. Buku la malangizo liwonjezedwe gawo latsopano, lachisanu ndi chiwiri b, lonena kuti pa mphindi yachitatu woyeza azule kabotolo ndi kukhudza mbali yosalala ndi chala chodzola mafuta. Wosamalira labu alembedwe kalata yomuyamikira chifukwa cha kudzipereka kwake, komanso apereke dzina la mafuta amene amadzola ku ofesi yogula zinthu. Mafutawo anafika tsiku lotsatira, katoni yathunthu. Ndinayang'ana katoniyo, n'kukumbukira makalata anga a babu, ndipo ndinapsa mtima mpaka mutu kuwawa.

Pobwerera kunyumba Lachitatu lija tinakwera basi imodzi. Titatsika, Mafunso anati, "Mumadziwa kuti zitha chonchi?"

"Ayi, mwanawe. Ndinkaganiza kuti andichotsa ntchito."

"Bola akanakuchotsani," anatero, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene akuwerenga nambala pa makina.

Lachinayi lonse anadzitsekera kuchipinda. Mayi wake anaimba katatu. Ndinamva kudzera pa chitseko mwanayo akuti, "Koma amayi, n'zabodza," ndipo mawu a mng'ono wanga ankamveka mpaka pabalaza: "Zabodza zimenezo anzako onse adutsa nazo! Iwe ndiwe ndani? Chala chimodzi chokha, mwana iwe, sakuti udule mkono!" Ine sindinalowerere. Ndikanamuuza chiyani, ine amene ndinali ndi kalata yoyamikiridwa m'chikwama?

Lachisanu m'mawa anavala koti yake yoyera, yosita bwino. Mu labu ndinali nditakonza kale zonse: utoto, soda, tishu, timabotolo. Pambali panali botolo la mafuta, ndipo poti chilichonse cha mu labu chimayenera kukhala ndi dzina, ndinali nditamatapo pepala lolembedwa kuti MAFUTA A GAWO 7b, OSADZOLA KUMASO. A Pulofesa anagwira okha wotchi.

Mafunso anasakaniza bwino monga mwa nthawi zonse. Anapukuta kabotolo kawiri, anakagwira mbali zokhakhala, anatseka chivundikiro, n'kuyamba kulemba. Mphindi imodzi inadutsa. Ziwiri. Ziwiri ndi theka, manja ake adakali pa kope, botolo la mafuta losatsegula. Ine kuseri kwake ndinkapemphera mapemphero awiri otsutsana. Lina linkati Ambuye, mwanayu adinde chala apeze ntchito yake, mng'ono wanga asandide. Lina linkati Ambuye, asadinde, pakhale munthu mmodzi m'banja mwathu amene anakana. Sindikudziwa kuti ndi liti limene ndinalinena mokweza mumtima.

"Masekondi khumi," anatero a Pulofesa.

Anatsegula botolo la mafuta. Anapaka pa chala chachikulu, anatsegula chivundikiro, anazula kabotolo, anadinda, anabwezera, anatseka. Anazichita mwaukhondo kuposa mmene ine ndinachitira. Nambala inalumpha, iye n'kuilemba. Sanandiyang'ane.

A Pulofesa anaona galafu n'kuwomba m'manja. Anati chiyambire sanaonepo chigongono chooneka bwino chotere, ndipo anamupatsa malikisi apamwamba kuposa onse m'kalasimo. Anamugwira chanza n'kumuuza kuti vuto lake linali lakuti ankaganiza kwambiri, koma tsopano wakhwima. Atatuluka, Mafunso anapita pa sinki n'kusamba m'manja nthawi yaitali, sopo wong'amba khungu uja. Ndinafuna kumuuza kuti pepa. Ndinafunanso kumuuza kuti wachita bwino. M'malo mwake ndinangomupatsa thaulo.

Satifiketi inatuluka pa nthawi yake ndipo ntchito anaiyamba. Mng'ono wanga anandiimbira kundithokoza, akuti ankadziwa kuti mchemwali wake sangamugwiritse mwala. Mafunso anapeza nyumba yakeyake pafupi ndi kuntchito, ndipo kwa miyezi ingapo tinkangolankhulana pa foni, mwachidule.

Loweruka lapitali anabwera kudzandiona masana, dzuwa likuswa mtengo. Wanenepa pang'ono, nsapato zatsopano, chitupa cha kuntchito chili lende pakhosi. Ndinamunyadira, ndisaname. Tinakhala kukhitchini ndipo ndinamufunsa za ntchito.

"Ili bwino, amayi aakulu. Abwana amandikonda. Akuti sanakhalepo ndi munthu wa manambala osavutitsa ngati anga. Malipoti a anzanga amabwezedwa kuti akayezenso, koma langa silinabwezedwepo."

Ananena zimenezi akuyang'ana pa windo. Ndinaona kuti watuluka thukuta, ndiye ndinatenga tambula, ndinatsegula mpopi, n'kumupatsa madzi. Anailandira ndi manja awiri, mwaulemu monga ndinamulerera. Anaiyang'ana pang'ono n'kuiika patebulo.

"Awa ndi a pampopi?"

"Eya. Si omwe mumayeza inu kuntchito kwanu?"

Anakankhira tambulayo pakati pa tebulo ndi nsonga za zala.

"Muziyamba mwawiritsa," anatero motsitsa mawu. "Amayi ndawauza kale."

Ndinathira madziwo mu ketulo n'kuiika pamoto, ndipo tonse awiri tinakhala kudikira kuti awire.